Kukwera Kanjala posonkhera bungwe la osaona: mmene mungakonzere kuti ndalama zioneke

Chaka chimene tinakwera phiri la Kanjala la ku Chipata koyamba posonkhera kabungwe ka anthu osaona ka kwathu kuno, tinatsika tikuimba. Papepala tinali ndi ndalama zolipira lendi ya kaofesi, zogulira ndodo zoyera zimene osaona amayendera, n'kutsalako za mayendedwe. Patatha miyezi iwiri msungichuma wathu anali atatha nsapato m'Chipata muno kulondola anthu amene analonjeza. Wina foni yosayankha, wina "mubwere malipiro akatuluka", wina anachita kufunsa ngati phirilo tinakweradi. Zimene zinalowa sizinafike ndi theka lomwe. Akuluakulu ananena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, ndipo ife tinatenga wapachalayo n'kukwera naye pamwamba pomwe mphepo imaomba kwambiri.

Ndikulemba izi kuti inu musadzapunthwe pa mwala womwewo. Kukwera phiri kumakoka anthu kuposa kuyendetsa mbale, zimenezo n'zoona. Koma pamwamba pa phiri palibe ndalama. Ndalama zimatoledwa pansi, milungu 6 kapena 8 tsikulo lisanafike, ndipo kukwerako ndi kungokwaniritsa zimene munauza anthu amene anapereka kale.

Yambani kwa eni ake

Musanasindikize chikalata chilichonse, pitani mukakhale pansi ndi komiti ya bungwelo. Osati wapampando yekha pafoni ayi, komiti yonse, mamembala osaona enieniwo ali pomwepo. Funsani mosazungulira: ngongole zilipo zingati, ntchito imene yaima chifukwa chosowa ndalama ndi iti, ndipo ndalama zikabwera zidzalowa kuti. Pemphani kuona setifiketi ya kaundula ndi buku la ndalama. Mabungwe a anthu aulumali amalembetsa ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, imene imagwira ntchito motsatira lamulo la 2012, ndipo mwini sitolo wochenjera adzakufunsani pepala limeneli asanatsegule kabati. Ngati akaunti ya ku banki ili ndi wosaina mmodzi, konzani zimenezo poyamba. Akhale awiri kapena atatu, mmodzi mwa iwo munthu wosaona amene mamembala anasankha okha.

Kenaka vutolo lisandutseni zinthu zowerengeka. Mawu oti "tithandize osaona" satulutsa kanthu m'thumba mwa munthu. Koma mukati "ndodo zoyera 30, lendi ya miyezi 6 ndi mayendedwe a agogo 20 opita kukachotsa ng'ala", munthu amayamba kuwerengera kuti K50 yake ifika pati. Mitengo musaiganizire m'mutu. Pitani kwa ogulitsa akulembereni papepala.

Pa ng'ala ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ndalama yochepa imagwira ntchito yooneka. Ng'ala ndiyo imachititsa kusaona kuposa matenda ena onse padziko lapansi, komanso imachiritsika. Kagalasi ka m'diso kamene kachita mtambo amakachotsa n'kuikamo kena, opaleshoni yake siitha ola, ndipo ambiri amayamba kuona mawa lake akamasula bandeji. Kum'mawa kuno zipatala monga Chipata Central, Mwami ndi St Francis ya ku Katete zili ndi mbali yoona za maso. Chimene chimatsekereza agogo a ku Vubwi kapena ku Chadiza nthawi zambiri ndi ulendo: wosaona sayenda yekha, ndiye matikiti ndi awiri, woperekeza ayenera kudya, ndipo pali kubwereranso kukapimitsa. Glaucoma ndi nkhani ina. Imapha mtsempha wa diso mwakachetechete, ndipo kuona kumene kwapita sikubwerera, mankhwala odontheza amangoteteza kotsalako. Choncho musapite pawailesi kukanena kuti tidzatsegula maso a anthu onse. Ambiri a m'bungwelo sadzaonanso, ndipo chimene akufuna ndi ndodo, kuphunzira kuyenda okha, mapepala olimba olembapo zilembo za Braille zowerenga ndi zala, ndi foni yowerenga mauthenga mokweza.

Afunseninso mawu amene akufuna kuti muziwatchula nawo. "Akhungu" timamva m'Baibulo, koma ambiri amene ndagwira nawo ntchito amakonda "osaona". Ndipo pachikalata chanu musaike chithunzi cha munthu atatambasula dzanja. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata pompano, amishoni a Dutch Reformed anafika mu 1899, ndipo mu 1905 mayi Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa osaona kumeneko, chiyambi cha maphunziro a osaona m'dziko lino. Dera limene lakhala likuphunzitsa ana osaona kwa zaka zoposa 100 lisamawaonetsebe ngati opemphapempha. Ena a iwo akwera nanu, ena alankhula pawailesi, ena akhala m'komiti yokonza ulendowu.

Sankhani phiri losalipira

Pamsonkhano woyamba sipalephera mnyamata wotchula Kilimanjaro. Phirilo ndi lalitali mamita 5,895, kukwera kwake kumatenga masiku asanu kapena kuposa, ndipo ndalama za paki, za onyamula katundu ndi za basi ya ku Tanzania zingameze zonse zimene mwasonkha. Mulanje ali pafupiko, nsonga yake ya Sapitwa mamita 3,002, koma mudutsa pa Mwami ndi mapepala a malire, mugona kunjira, mulipira otsogolera. Mapiri amenewo asungeni, mudzawaganizire mukadzapeza kampani yolipira ulendo wonse payokha.

Ubwino wa Kanjala ndi woti mayi amene wapereka K20 pamsika wa Kapata akhoza kukweza mutu n'kuliona. A ku Katete ali ndi mapiri a Mphangwe, ndipo madera ambiri kum'mawa kuno ali ndi phiri lawo lodziwika. Ngati mukuona kuti kukwera kamodzi n'kopepuka moti anthu sangakupatsireni ndalama, kulemetseni. Yambirani wapansi pabwalo la David Kaunda, kapena kwerani ndi kutsika katatu m'mawa umodzi. Mukhoza kugawa pawiri: gulu la kamodzi la achikulire ndi amene akuyamba kumene, gulu la katatu la odzimva mphamvu.

Makolo ena adzakana, amvekere mwana wathu saona, adzagwa. Ine ndimawauza za Erik Weihenmayer wa ku America, wosaona amene anafika pamwamba pa Everest mu Meyi 2001. Ndimawauzanso kuti sanangodzuka n'kupita. Anali ndi anzake amene anazolowerana nawo, woyenda patsogolo akuliza kabelu kuti iye azitsata kulirako. Kukonzekera kotero ndi kumene makolowo ayenera kuona ndi maso awo asanavomere, ndiye aitaneni tsiku lina loyeserera.

Njirayo iyendeni kawiri tsiku lisanafike. Ulendo woyamba tengani anthu oidziwa, anyamata oweta mbuzi kapena amayi otola nkhuni, osati munthu amene anakwerapo kamodzi ali pasukulu. Ulendo wachiwiri pitani ndi membala mmodzi wosaona woyenda bwino, chifukwa iyeyo adzapeza zimene inu oona simungaziganizire. Ndodo yoyera imamva za pansi, koma nthambi yofika kumaso siimva. Lembani pamene pali miyala yogubuduka, thanthwe loterera, chitedze ndi njuchi. Onani pamene galimoto ingafike ndi pamene netiweki ya foni imathera. Nthawi imene mwatenga awiriwiri muichulukitse kawiri, ndiyo ya gulu.

Tsiku lake ndi makalata

Miyezi ya mvula, Novembala mpaka Epulo, ichotseni. Meyi udzu umakhala ukadali wautali ndipo pansi sipaoneka bwino. Okutobala amakopa, chifukwa Lachinayi lachiwiri la mweziwo ndi tsiku lokumbukira za maso padziko lonse ndipo pa 15 ndi tsiku la ndodo yoyera, koma aliyense wa kuno akulidziwa dzuwa la Okutobala. Ine ndimasankha kumapeto kwa Juni kapena Julayi. Kunja kwazizira, nthaka yauma, ndipo alimi ayamba kugulitsa nshawa, soya ndi chimanga, ndiye achibale akumudzi ali ndi kangachepe m'manja. Lolemba loyamba la Julayi ndi Lachiwiri lotsatira ndi tchuthi, chimodzimodzi Lolemba loyamba la Ogasiti, tsiku la alimi. Tchuthi cha Lolemba chimathetsa mkangano umene umadya misonkhano iwiri yathunthu: mukaika Loweruka a Sabata sabwera, mukaika Lamlungu enawo sabwera. Kumapeto kwa Ogasiti musayerekeze. Magalimoto onse amakhala akupita ku Mkaika ku Kulamba, mphepo yakula, ndipo osaka mbewa ayamba kutentha tchire.

Lemberani apolisi kudakali milungu iwiri kapena itatu, munene tsiku, njira ndi chiwerengero cha anthu. Lemberaninso khonsolo. Ngati phirilo lili m'dera la mfumu, kalata siikwanira. Pitani nokha kwa anyakwawa, musapite chimanjamanja, ndipo funsani malo amene simuyenera kupondako, kaya ndi manda, kaya ndi dambwe, kaya ndi munda wa munthu. Ngati ndi nkhalango yotetezedwa, ofesi ya zankhalango idziwe. Kalata imene yabwerako ndi chidindo muijambulitse, wotolera ndalama aliyense aziyenda nayo.

Ndalama

Apa ndi pamene ife tinagwa, ndiye ndifotokoza mwatsatanetsatane.

Wokwera aliyense apeze ndalama kwa anthu ake, ndipo muike mlingo. Tinene K500. Anthu 40 akafikitsa mlingowo ndi K20,000. K500 imaopsa mukaitchula yonse, koma ndi anthu 25 opereka K20, kapena 10 opereka K50. Wokwera aliyense muuzeni alembe mayina 30 a anthu amene angawafikire, kuyambira amalume a ku Kitwe mpaka wometa tsitsi wake, asanatenge fomu. Ana asukulu ndi mamembala osaona amene sali pantchito apatseni mlingo wotsika, kapena apezereni munthu wowalipirira.

Fomu iliyonse ikhale ndi nambala yake ndi chidindo cha bungwe, ndipo mlembi alembe kuti nambala yakuti yapita kwa uje. Mizere ikhale inayi: dzina, foni, ndalama zimene wapereka, siginecha. Mzere wa "lonjezo" usakhalepo. Munthu akati ndidzakupatsa ukakatsika, muyankheni mwaulemu kuti komiti inaletsa, ndipo ngakhale K10 ya lero ilandiridwa. Mafomu onse abwerere, ngakhale opanda dzina limodzi, ngakhale onyowa ndi mvula kapena ong'ambika. Fomu imene yasowa ilengezedwe, chifukwa fomu ya chidindo ikagwera m'manja olakwika imayenda m'misika miyezi itatu m'dzina lanu.

Tsiku lomaliza kubweretsa ndalama likhale Lachisanu, kutatsala mlungu wathunthu. Amene sanabweretse sakwera. Lamuloli ndi lowawa, ndipo woyamba kuliphwanya amakhala mphwake wa wapampando, koma mukamulekerera mmodzi mwabwerera kwa fodya wapachala uja.

Ndalama zambiri zidzabwera pafoni. Tengani nambala imodzi ya Airtel Money ndi imodzi ya MTN, zatsopano, zosagwira ntchito ina iliyonse. Ngati n'kotheka zilembetsedwe m'dzina la bungwe. Foni asunge msungichuma, koma mlembi azikopera uthenga uliwonse m'buku: tsiku, dzina, ndalama. Lachisanu lililonse awiriwa apite limodzi kukaika ndalamazo ku banki, ndipo ndalama yodulidwa potapa ilembedwenso, chifukwa timakwacha timeneti tikaunjikana ndi timene timayambitsa manong'onong'o. Nambala ikangomveka pawailesi, akuba apafoni nawonso aimva. Adzatumiza uthenga wooneka ngati weniweni, kenaka n'kuimba akulira kuti ndatumiza molakwika, ndibwezereni. Musabweze kanthu musanaone nokha kuti ndalamayo yalowadi.

Buku likhale ndi mbali ziwiri, zolowa ndi zotuluka, ndipo gwirizanani pachiyambi kuti zowonongera paulendo zisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu. Chimene chimadya ndalama mwakachetechete ndi masikipa. Aliyense amawafuna, amaoneka bwino pazithunzi, ndipo masikipa 40 osindikiza akhoza kumeza mtengo wa ndodo zonse zija. Ngati pali wabizinesi wofuna dzina lake pamsana panu, alipire yekha. Ngati palibe, aliyense avale malaya oyera amene ali nawo. Nkhani ya alawansi inenedwe pamsonkhano woyamba kuti kulibe. Ife tinataya anthu awiri a m'komiti chifukwa cha mawu amenewa, ndipo ntchito inayenda bwino chabe.

Kwa amasitolo a ku Down Shops pitani awiri, mmodzi akhale membala wosaona amene adzalankhule yekha. Pemphani katundu m'malo mwa ndalama: madzi a m'mabotolo, mafuta a kanta, kusindikiza mafomu. Munthu wabizinesi savutika kutulutsa katoni ngati mmene amavutikira kutulutsa K500. Makampani akuluakulu ndi mabanki alembereni kudakali miyezi, chifukwa yankho lawo limachokera ku Lusaka ndipo limayenda pang'onopang'ono. Kumipingo ndi kumizikiti pemphani mphindi zisanu. Chimene ndinaona chikugwira mitima si kulira ayi. Mtsikana wina wa m'bungwe lathu anaimirira kutsogolo n'kuwerenga salimo ndi zala, mosadodoma, ndipo amayi a Chigwirizano anasonkha tsiku lomwelo asanatuluke.

Pawailesi, kaya Breeze FM kaya Radio Maria, tchulani nambala ya foni pang'onopang'ono katatu. Kumbukirani kuti anthu amene mukuwasonkhera amamva nkhani pawailesi, osati pachikwangwani. Chimodzimodzi pa WhatsApp ndi pa Facebook: chikalata chikakhala chithunzi chokha, foni yowerenga mokweza nthawi zambiri siingathe kuchiwerenga bwino. Lembani mawu onse pansi pa chithunzicho, kapena tumizani uthenga wa mawu. N'zochititsa manyazi kuti membala wa bungwe amve za ulendo wake kwa mwana wa pakhomo loyandikana nalo. Lachisanu lililonse lengezani kuti zafika pakuti, zatsala zakuti. Achibale a ku Lusaka ndi ku Johannesburg amapereka akaona kuti nambala ikusuntha.

Milungu 6 yoyeserera

Za thupi sizovuta. Yendani katatu pamlungu, kuyambira mphindi 30 pamalo athyathyathya, kenaka pazitunda, mpaka mlungu wachisanu muzitha maola awiri. Nsapato zoyeserera zikhale zomwezo zodzakwerera, chifukwa nsapato yatsopano imatulutsa matuza. A BP, a shuga, a mphumu ndi a mtima apite kukiliniki akauzidwe ngati angakwere, ndipo amene wachitidwa opaleshoni ya diso posachedwa afunse dokotala wake. Osakwana zaka 18 makolo awo asaine.

Chofuna nthawi ndi kuphunzira kutsogolera munthu wosaona. Ambiri amaganiza kuti akudziwa, ndipo ambiri amalakwitsa mofanana: amamugwira pamkono n'kumamukankhira kutsogolo ngati wilibala. Munthu wokankhidwa ndiye amayamba kufika pangozi. Njira yake ndi iyi. Mulankhuleni kaye, munene dzina lanu, mufunse ngati akufuna thandizo ndi mbali imene amakonda. Iye ndiye agwire mkono wanu pamwamba pang'ono pa chigongono, inu mukhale patsogolo ndi theka la sitepe. Akatero amamva m'thupi mwanu mukamakwera, mukamatsika kapena mukamakhota. Ndodo yake musaigwire, musaikoke. Njira ikapanikiza, pititsani mkono wanu kumsana, iye adziwa kuti alowe kumbuyo kwanu.

Paphiri njira zambiri ndi za munthu mmodzi, ndiye chigongono sichigwira ntchito nthawi zonse. Dulani nsungwi yolimba ya mamita awiri ndi theka. Wotsogolera agwire kutsogolo, wachiwiri agwire kumbuyo, wosaonayo pakati akugwira nsungwiyo ndi dzanja limodzi, ndodo yake kudzanja linalo. Nsungwi ikhale mbali ya kuphompho. Ena amakonda kungoika dzanja pachikwama cha kumsana cha wotsogolera. Afunseni, asankhe okha. Wosaona aliyense akhale ndi otsogolera awiri, ndipo akhale omwewo milungu yonse 6, chifukwa kudalirana kumeneku sikubwera m'mawa wa tsiku lokwera.

Gwirizanani mawu. "Apo" ndi "uko" alibe tanthauzo kwa munthu amene sakuona chala chanu. Nenani chinthucho, mbali yake ndi kukula kwake, chisanafike: "Amalume, mwala kumanja, kwezani mwendo mpaka m'bondo." "Weramani, nthambi." "Titsika masitepe atatu." Mawu oti "imani" asungidwe kuti akamveka aliyense aime pomwepo osafunsa. Musalongolole njira yonse mpaka munthu kulephera kumva phazi lake, komanso musangoti zii. Ndipo musamusiye chilili pamtetete n'kuchoka osanena. Muikeni dzanja pamtengo kapena pamwala, mumuuze kuti mukupita kuti ndipo mubwera liti.

Si onse amene saona kotheratu. Ena amaona pang'ono, koma kuwala kwa dzuwa kumawathobwa, ndiye chipewa cha khonde ndi magalasi akuda n'zofunika. Achialubino avale malaya a manja aatali, chipewa chachikulu ndi mafuta oteteza khungu, ngakhale kunja kuzizire.

Wina adzabwera ndi nzeru yoti oona amange nsalu kumaso kuti amve mmene anzawo amamvera. Ine ndimakana. Paphiri n'zoopsa, ndipo munthu amene wamangidwa kumaso mphindi khumi amangophunzira mantha, n'kupita kwawo akuganiza kuti kusaona ndi kunjenjemera. Amene wakhala zaka 20 akuyenda ndi ndodo sanjenjemera. Ngati mukufuna kuti otsogolera amve kukankhidwa mmene kumawawira, chitani zimenezo kamodzi pabwalo la mpira.

Tsiku lokwera

Kumanani 5:30 m'mawa, itanani mayina, nyamukani kukangoyera. Aliyense anyamule madzi malita awiri, mbatata yophika, nshawa zokazinga kapena nthochi, ndi juzi yoti akhoza kuvula dzuwa likakwera. Wobwera ndi patapata kapena akununkha wa dzulo abwerere. Gawani anthu m'magulu a khumikhumi, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake wa wezulo ndi foni yodzaza moto. Oyenda pang'onopang'ono akhale patsogolo, apo ayi othamanga adzafika pamwamba n'kuyamba kujambulana anzawo akadali patsinde. Munthu mmodzi wodalirika atseke kumbuyo, ndipo pasakhale womupitirira.

Namwino kapena odzipereka a Red Cross akhale pakati pa mzere, osati patsinde, ndi mabandeji ndi mankhwala otsukira mabala. Patsinde pakhale galimoto ya mafuta, dalaivala ali pomwepo, akudziwa chipatala chimene athamangire. Munthu akayamba chizungulire, mutu kapena nseru, muikeni pamthunzi, mumasuleni zovala, amwe pang'onopang'ono. Madzi a mchere ndi shuga mukhoza kupanga nokha: lita imodzi ya madzi abwino, timasipuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira, theka la kasipuni ka mchere. Akayamba kubwebweta kapena kukomoka, ameneyo ndi wa kuchipatala msanga. Njoka ikaluma munthu, musacheke, musayamwe, musamange mothina ndi mphira. Muvuleni mphete ndi nsapato, mwendowo usagwedezeke, munyamuleni. Nsungwi zija ziwiri ndi chitenje zimapanga machira.

Ikani ola lotembenukira, mwina 10 koloko, ndipo likakwana aliyense atembenuke pamene ali. Opereka anapereka kale, palibe adzafuna ndalama yake chifukwa agogo ena anathera pakati.

Pamwamba musathamangire kufotokozera anzanu osaona kuti uko ndi msika, uko ndi tchalitchi. Afunseni ngati akufuna, kenaka khalani chete pang'ono. Ulendo wathu wachiwiri, mkulu wina amene ndinkamutsogolera anandigwira paphewa n'kuti, "Tamverani, aphwanga, chigayo chija chayamba." Ine sindinamve kanthu mpaka nditatseka pakamwa. Anatha kundiuza mbali imene kuli msewu waukulu chifukwa cha kulira kwa malole, ndipo anadziwa kuti tafika pamwamba ine ndisananene, poti mphepo inayamba kuomba mbali zonse. Zithunzi jambulani, koma funsani kaye, ndipo muuzeni munthuyo kuti chithunzi chake chipita kuti.

Kutsika ndiko kumagwetsa anthu. Miyendo yatopa, mitima ili kale kunyumba, ndipo timiyala timaterera. Talikiranani, fupikitsani masitepe, otsogolera asinthane ngati wakutsogolo watopa. Wogubuduza mwala akuwe kuti "mwala!" nthawi yomweyo. Mabotolo ndi mapepala atsike nanu, ndipo pasapezeke woyatsa moto. Patsinde itananinso mayina onse galimoto iliyonse isananyamuke.

Mukatsika

Ndalama zina zidzabwera tsiku lomwelo kwa anthu odzaonerera. Ziwerengedwe pomwepo ndi anthu atatu, wina wa kunja kwa komiti akuona, onse asaine, ndipo zipite ku banki tsiku loyamba lotsegula. Pasanathe milungu iwiri tulutsani lipoti la tsamba limodzi: zolowa, zotuluka, zotsala, ndi malisiti ali pambali kwa wofuna kuona. Limateni pakhomo la ofesi, litumizeni m'magulu a WhatsApp ngati mawu olembedwa, ndipo liwerengedwe mokweza pamsonkhano wa mamembala, mzere ndi mzere, kuti eni ake afunse mafunso. Amasitolo amene anapereka madzi ndi mafuta apitireni nokha ndi kalata yothokoza.

Gulani zimene munanena, osati zimene zabwera m'mutu ndalama zitafika. Ngati zachepa, mamembala ndiwo asankhe chotsala, ndipo opereka auzidwe. Lendi lipirani kwa mwini nyumba mwachindunji mutenge lisiti. A ng'ala alembeni mayina, mugwirizane ndi chipatala za tsiku, ndipo ndalama ya basi iziperekedwa ulendo ndi ulendo, kuphatikiza wobwerera kukapimitsa.

Ndodo zoyera ziperekeni pa 15 Okutobala, m'mawa dzuwa lisanapse, ndipo muitane onse amene mayina awo ali pamafomu aja. Musazigule za msinkhu umodzi. Ndodo imayezedwa pa munthu, kuchokera pansi kufika pafupi ndi pachifuwa, ndiye ayezeni mamembala onse musanatumize oda, ndipo pezani mphunzitsi woti adzakhale nawo milungu ingapo kuwaonetsa kagwiridwe kake iwo amene akuigwira koyamba.